Chala Chachinayi cha Gondwa

Azakhali anga a Benedicta sanakhalepo mphunzitsi, ngakhale theka la ana a ku Kachebere amawatchula kuti amadamu. Sukulu analekezera Sitandade 7. Ntchito imene analembedwa pa sekondale yoyendera ya kwathuko inali yosesa ndi kutsuka mabotolo m'chipinda cha sayansi, ndipo papepala ikadali yomweyo, zaka makumi awiri ndi zitatu chiyambireni. Za mafupa anaphunzira kwa malemu a Stefano, mphunzitsi wa Bayoloje amene ankadana ndi zojambula pabolodi. Ankati chule wa choko alibe fungo, ndiye mwana sangamukumbukire. A Stefano atamwalira, kabati ya mafupa inatsala m'manja mwa wosesa, poti panalibe wina wofuna kuikhudza.

Ine dzina langa ndine Eneya. Bambo ananditenga kupita nane ku Kepitauni ndili ndi zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo ndinabwerako ndili ndi makumi awiri ndi zinayi, iwo atatisiya. Ndinafikira kwa azakhaliwa, mlongo wawo wa bambo. Sindinabwere kudzakhala. Tsiku lililonse ndinkakwera pachulu kufunafuna netiweki, kufunsa anzanga ngati kwapezeka ntchito, ndipo anyamata a pa tiledingi anandipatsa dzina loti a Eish, poti liwu la ku Kepitauni limeneli silinkachoka pakamwa panga. Chichewa ndinkachidziwa, koma chinali Chichewa cha m'nyumba mwa bambo anga, chimene chinaima pa chaka chomwe tinachoka. Sindinkadziwa kuti mawu ena analemera ine kulibe.

Kuseri kwa khitchini ya azakhali kuli mbiya yoboolaboola, yovundikira ndi mwala, pafupi ndi chulu chomwecho. Nyama yakufa akaipeza, kaya pamsewu kaya kwa alenje, amaisenda, kuchotsa mnofu waukulu, n'kuika m'mbiyamo kuti nyerere zimalize. Luso lonse lili pa tsiku lochotsa. Ukafulumira umapeza fungo. Ukachedwa, nyerere zimadya ndi mitsempha yomwe imalumikiza mafupa, ndiye umatsala ndi mulu wa tizidutswa toti uzilumikiza ndi waya wa buleki ya njinga mwezi wathunthu. Ukalasa tsiku lake, mitsempha imauma ngati ulusi, phazi n'kukhala lathunthu momwe linalengedwera.

Ana awo obereka ndi awiri, onse ali ku Lilongwe. Koma akati "ana anga" amanena a m'kabati. Onse ali ndi msana, amatero, ndiye mtundu ndi umodzi, koma mbumba zake ndi zisanu, ndipo mbumba iliyonse ili ndi chizindikiro chake chosabisika. Pali mlamba wa mu Bua woimira nsomba. Pali chule, pali tambala, pali mutu ndi khosi la mbuzi zoimira zoyamwitsa. Mbumba ya zokwawa ndi imene inawasautsa zaka zambiri, chifukwa buluzi nyerere zimamumaliza yense, njoka nayo palibe amene amabwera nayo mutu uli wabwino. Chaka chimene ndinabwera, anyamata ena anapha gondwa wamkulu kudambo. Chikopa anatenga, nyama anadya, azakhali n'kupemphako mutu ndi mwendo umodzi wakutsogolo. Anazichotsa m'mbiya pa tsiku lake lenileni. Ndipo monga mwa chizolowezi chawo, wobwera komalizira amatchedwa khanda mpaka patabwera wina.

Mu Juni, mphunzitsi wina wa ku Chiosya anapempha kubwereka anawo kuti ophunzira ake awaone mayeso asanafike. Azakhali anali atabwera nawo kunyumba kudzawapukuta. Lachinayi m'mawa anandiuza kuti iwo akayambe asesa kusukulu, ine ndilongedze zonse m'katoni, tikakumane pa tiledingi cha m'ma teni, tikwere galimoto limodzi. Linali tsiku la msika, mphepo ya chisanu ikuulutsa mapepala a shuga. Ndinavala juzi yanga yachipewa, zomvera za foni m'makutu, katoni m'khwapa. Ndinaima pafupi ndi chiwaya cha tchipisi.

Foni inalira. Anali azakhali, akufunsa ngati ndasiya kanthu. Munthu akatseka makutu sadziwa kukula kwa mawu ake.

"Ayi, mafupa onse ndatenga," ndinatero. "Khanda lija ndalikulunga palokha m'nsalu, kadzanja kake kangathyoke. Fulumirani, anthu aja akutidikira."

Choyamba chimene ndinaona ndi chakuti wa tchipisi analeka kutakasa. Mafuta ankalira okha. Mayi wina amene ankasankha tomato anaimirira pang'onopang'ono, n'kukokera mwana wake kumbuyo.

Pano ndiyenera kunena chimene aliyense pamsikapo ankadziwa, ine ndekha ndikuchitenga ngati nkhani ya pa wailesi. Mu Epulo chaka chomwecho, m'mudzi wina kuseri kwa phiri, anthu anadzuka n'kupeza manda a kamwana atafukulidwa. Kanali kamtsikana ka khungu lachialubino, dzina lake Princess, kamene kanamwalira ndi malungo kasanakwanitse zaka ziwiri. Ofukulawo sanapezeke. Mphekesera inali yoti anaolokera ku Zambia kudzera njira za m'minda, ndipo malirewo kuchokera pamene ndinaimapo ndi ulendo wa ola limodzi wapansi. Chiyambire pamenepo, mawu oti mafupa sankatchulidwa pagulu. Ngakhale ogula nyama ankangoloza, n'kunena kuti ikanimo za msuzi.

Anandifikira ndi bambo wina wamtali wovala chijekete chowala cha komiti ya chitetezo cha m'mudzi, wenzulo ili pakhosi. Anali a Timoteyo, wapampando wa komitiyo. Anandifunsa mwaulemu ndithu kuti m'katonimo muli chiyani. Ndinachotsa chomvera chimodzi, n'kuyankha ndikumwetulira, poganiza kuti dzina la azakhali lithetsa zonse.

"Ndi mafupa a azakhali anga."

Sindinaone amene anakoka katoni. Inagwa chafufumimba, zonse n'kumwazika m'fumbi. Mutu wa gondwa unagubuduka, wina pothawa n'kuuponda, ndipo ndinamva ukuphwanyika ngati chigoba cha dzira. Nsalu ija inafunyululuka. Pakati pake panagona kadzanja koyera, ka zala zisanu, kotambasuka, kukula kwake ngati ka mwana woyamwa.

Sipanamveke kukuwa. Panamveka kupuma kwa anthu ambiri nthawi imodzi. Kenaka chinthu china chinandimenya kukhutu, dziko n'kupendekeka.

Amene anandidzutsa ndi che Saidu, ogulitsa nyama ya mbuzi pashedi yoyandikana ndi chiwayacho. Sitinkadziwana, kupatula kuti azakhali ankanditumako kukatenga mitu. Anandikokera kuseri kwa tebulo lawo, iwo n'kuima pakhomo pa shediyo, chikwanje chodulira nyama chili m'manja koma chikuloza pansi. Anauza anthu kuti mnyamatayu ndi wa aNambewe a kusukulu, kunena azakhali, ndipo amene akufuna kumutenga ayambe wadutsa pa iwo. A Timoteyo anaimba wenzulo, n'kulengeza kuti aimbira apolisi kuboma, aliyense adikire. Koma atatembenukira kwa che Saidu ananena motsitsa kuti galimoto ya apolisi ili kutali, ndipo anthuwa sangathe kuwagwira nthawi yaitali. Kadzanja kaja anali atakatola ndi nsalu yake, akukagwira kutali ndi thupi lawo.

Ndinkaona kudzera m'mipata ya matabwa. Anthu ankachulukirachulukira. Ena ankati amvereni kayankhulidwe, si wa kuno uyu. Ena ankati wanena yekha kuti ogula akumudikira. Mnyamata wina anabwera akugubuduza tayala lakutha, n'kulitsamiritsa pamtengo wa shedi. Wa njinga yamoto wina anayamba kumasula kapaipi ka pansi pa thanki. Ndinayesa kufotokoza, koma pakamwa panga pankangotuluka Chingerezi, ndipo liwu lililonse la Chingerezi linkawayandikizitsa.

Chimene sindinkadziwa ndi chakuti foni sindinadule. Azakhali anamva zonse, kuyambira funso la a Timoteyo.

Anafika pa kabaza, atavala chikhoti chawo chotuwa chosesera, fumbi la choko lili m'mikono. Ndi munthu wamfupi, wosathamanga. Sanandiyang'ane n'komwe. Anapereka moni kwa a Timoteyo, n'kuwafunsa za mwana wawo amene anali Fomu 2. Kenaka anagwada m'fumbi pakati pa miyendo ya anthu, n'kuyamba kutola ana awo mmodzimmodzi, akupempha njira ngati munthu wosesa m'kalasi muli anthu. Atatha anapempha che Saidu tebulo. Che Saidu anazengereza, chifukwa patebulo lawo sipafika nyama yosaloledwa m'chipembedzo chawo. Anachotsa mbuzi yawo, n'kuyala masaka awiri, kenaka katoni yong'ambika ija pamwamba, n'kunena kuti ikani.

"Zonsezi ndi zanga," anatero azakhali, mawu osakweza, moti akumbuyo anauza anzawo kuti akhale chete. "Mnyamatayu wangonyamula. Ngati pali wolakwa ndine. Koma musanatenthe munthu, tiwerenge kaye."

Anayamba ndi mlamba. Anaitana mayi wina wogulitsa nsomba zouma, n'kumupatsa kafupa kamodzi ka pamsana, kuti anene chimene akuona. Mayiyo anakatembenuza, n'kunena monyinyirika kuti n'kokumbika uku ndi uku ngati timbale tiwiri tomatana, ndiye ndi nsomba basi, aliyense wodya mlamba amadziwa. Azakhali anamuonetsanso mafupa opindika a pansi pa mutu pamene pamakhala makha opumira m'madzi, n'kufunsa gulu ngati alipo amene anabadwa nawo. Palibe anaseka.

Chule anali atathyoka mwendo umodzi. Anamukweza m'mwamba kuti onse aone kuti alibe nthiti zozinga chifuwa, msana wake ndi waufupi wothera ku kafupa kamodzi konga ndodo, miyendo yakumbuyo kutalika kuposa thupi. Tambala anamuzindikira wa tchipisi uja asanafunsidwe, chifukwa cha nganga yosongoka ngati khasu, pamene pamagwira minofu ya mapiko. Koma wina kumbuyo anakuwa kuti nanga mafupa aataliwo. Azakhali anamasula fupa la phiko, limene analilumikiza okha ndi waya zaka khumi zapitazo, n'kulithyola pakati. Anapereka zidutswazo kwa a Timoteyo kuti asuzumire. M'kati munali mphako ngati bango.

Ndinayamba kupuma. Kenaka anafika pa mbuzi.

Che Saidu anawerenga okha mafupa a khosi, asanu ndi awiri, n'kunena kuti mutu umenewu anagulitsa ndi iwo. A Timoteyo anafunsa kuti nanga munthu ali nawo angati m'khosi. Ndinapemphera kuti azakhali aname. Sananame. Anati asanu ndi awiri omwewo, chifukwa mbuzi, mbewa, ng'ombe ndi munthu ndi mbumba imodzi, onse oyamwa, onse a ubweya, onse a mano osiyanasiyana, odulira ndi otafunira. Gulu linasuntha ngati chimanga pamphepo. Iwo anangotsegula pakamwa pa mbuziyo, n'kuonetsa kuti kumwamba kutsogolo kulibe mano, ndi chibadwire, ndipo anatembenuza chigazacho kuti aone zitsa za nyanga.

"Zimenezo tamva, aNambewe," anatero a Timoteyo. "Wakuba nkhuku amaika masamba pamwamba pa dengu. Tiuzeni za ichi."

Anaika nsalu ija patebulo n'kuitambasula.

Azakhali anati ndi gondwa. Anati mutu wake ukanakhalapo nkhani ikanatha msanga, chifukwa mano a zokwawa sagawika ngati athu, ndipo nsagwada yake ya m'munsi ndi mafupa angapo olumikizana pamene yathu ndi fupa limodzi. Anatulutsa m'thumba la chikhoti zidutswa zimene anatola m'fumbi. A Timoteyo anaziyang'ana n'kunena kuti chilichonse chopondedwa chimakhala mafupa angapo. Azakhali anaonetsa nsonga za zala, zopindika ngati mbedza. Wa tayala uja anati fupa limasongoledwa ndi mpeni. Fungo la petulo linali litafika mpaka pamene ndinakhala.

Pamenepo anthu anapatuka okha, n'kudutsa mayi wina wowonda, wa duku lakuda, beseni la mbatata akadalisenza. Analitula pansi. Sindinkamudziwa, koma che Saidu anandinong'oneza osatembenuka kuti ndi a Tiyanjane, mayi wake wa Princess. Anaima patsogolo pa tebulo, maso ali pa kadzanjako. Ndinadziwa kuti mayiyu akangolira, palibe chikwanje kapena wenzulo imene indipulumutse.

Azakhali anamuyandikira. Kenaka anamupempha dzanja lake, iye n'kupereka ngati sakudziwa chimene akuchita.

"Mayi, ine sindikuuzani kanthu. Muwerenga nokha. Pindani chala chachikuluchi. Zigawo zingati?"

"Ziwiri."

"Chotsatira?"

"Zitatu."

Anapitiriza mpaka chaching'ono, zitatu, zitatu, zitatu. Azakhali anati mwana aliyense wobadwa kwa mkazi amabwera ndi chiwerengero chimenecho, wakuda, woyera, wa kuno, wa kutsidya, ndipo sichisintha mpaka kumanda. Ndinaona anthu m'gulumo akupinda zala zawo mobisa, ngakhale wa petulo uja. Kenaka azakhali anapatsa a Tiyanjane kachitsotso ka udzu kuti aziloza nako, n'kusendeza nsalu ija pafupi.

A Timoteyo anadula. Anati mayiyu amalumikiza mafupa ndi waya, tamuona tonse pa tambala, ndiye akhoza kuwonjezera momwe afunira. Azakhali anavomera kuti funsolo ndi labwino. Anawauza kuti akweze kadzanjako padzuwa afunefune waya, kapena guluu, kapena ulusi. A Timoteyo anakweza, n'kutembenuza uku ndi uku. Munalibe. Timafupato tinagwirana ndi mitsempha yake youma, yachikasu, yosadukapo paliponse kuchokera pachikhatho mpaka kunsonga.

A Tiyanjane anayamba kuwerenga, kachitsotso kakugunda fupa lililonse. Chala choyamba, tiwiri. Chachiwiri, titatu. Mpaka pamenepo kanali kadzanja ka munthu. Chachitatu anawerenga, n'kuima, n'kubwerezanso. Tinayi. Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje kuti aone bwino. Chala chachinayi, chachitali kuposa zonse, anachiwerenga mokweza.

"Kamodzi. Tiwiri. Titatu. Tinayi. Tisanu."

Anayang'ana chala chawo chachinayi, n'kuchipinda. Anawerenganso cha patebulo kachitatu, pang'onopang'ono.

"Si munthu uyu," anatero.

Ndinkayembekezera kuti anthu apuma, mwina kuseka. Koma a Tiyanjane sanachoke. Anaika kachitsotso pansi, n'kutembenukira kwa a Timoteyo, kenaka kwa gulu lonse.

"Ndiye wanga ali kuti?"

Akumbuyo anayamba kuchoka mmodzimmodzi, aliyense ngati wakumbukira kanthu kunyumba. Wa njinga yamoto anabwezeretsa kapaipi kake. Tayala linatsala pamtengo paja, mwini wake osaoneka. Azakhali anatola beseni la mbatata n'kuwasenzetsa a Tiyanjane, ndipo anayenda nawo mpaka pamsewu, akuyankhula zimene sindinamve.

Apolisi anafika dzuwa lili paliwombo. Anatitenga tonse awiri ndi katoni yomwe, kutifunsa mpaka madzulo, n'kutimasula. Katoniyo inakhala kumeneko masabata atatu kudikira woiyeza. Ana a ku Chiosya analemba mayeso awo ataona chule wa choko.

Tikubwerera tsiku limenelo, azakhali sanandikalipire. Anangondifunsa ngati khutu likumva. Tili pafupi ndi kunyumba ndi pamene anandiuza kuti kuyambira lero ndizinena kuti zitsanzo za sayansi, ndipo ndikamayankhula pafoni ndizichotsa zotsekera m'makutuzo ndizimva dziko limene ndaimapo. Ndinati pepani. Anati wopepesa si ine ndekha, dzina la khanda lija anapereka ndi iwo.

Ndikadali ku Kachebere, ndipo pachulu ndimakwerabe. Mutu wa gondwa ndaulumikiza ndi guluu momwe ndikanathera, koma mbali ina ya nsagwada inatsala m'fumbi la pamsika. Mwezi watha wina anabweretsa mleme wakufa, azakhali n'kusangalala chifukwa ana ambiri amauika kwa mbalame mpaka ataona mano ndi zala za m'mapiko. Unatuluka m'mbiya wathunthu. Ndinawafunsa kuti ameneyu timutcha ndani. Anati mleme.